Marimu a 17, 18 kapena 19: kusankha matayala a galimoto yothamanga pa misewu ya Blantyre

Golf GTI, Subaru Impreza, Altezza, Mark X ndi BMW 3 Series ndi galimoto zomwe eni ake mu Blantyre muno sachedwa kuzisintha marimu. Ina imangofika kuchokera ku Japan ili pa marimu a mainchi 16, mwezi usanathe mwini wake wayamba kale kufunsa mitengo ya 18 ku Limbe ndi pa Facebook. Zoti rimu yaikulu imakongoletsa galimoto palibe angatsutse. Choyenera kuganizira ndalama zisanatuluke m'thumba ndi mmene galimotoyo idzachitire pa makona otsetsereka a ku Thabwa popita ku Chikwawa, komanso tsiku lomwe idzagwere m'dzenje lobisika ndi madzi ku Machinjiri mu February.

Rimu ikakula, tayala lonse siliyenera kukula nawo. Malo omwe chitsulo chawonjezera amachotsedwa pa khoma la m'mbali la tayala, ndipo khoma limenelo ndi lomwe limayamba kulandira dzenje sipuling'i ndi shoko zisanamve kanthu. Zabwino ndi zoipa zonse za marimu aakulu zimachokera pamenepa.

Zoyenera kuyeza musanasankhe

Choyamba ndi kutalika kwa tayala lonse. Pa tayala lolembedwa 225/45 R17, 225 ndi m'lifupi mwake m'mamilimita, 45 akutanthauza kuti khoma ndi 45 peresenti ya 225, ndipo 17 ndi kukula kwa rimu m'mainchi. Masaizi anayi awa amalowana pa galimoto ngati Golf:

205/55 R16: khoma mamilimita 113, tayala lonse 632
225/45 R17: khoma mamilimita 101, tayala lonse 634
225/40 R18: khoma mamilimita 90, tayala lonse 637
225/35 R19: khoma mamilimita 79, tayala lonse 640

Kusiyana kwa tayala latsopano ndi la ku fakitale kusapitirire 3 peresenti. Ambiri amalakwitsa pofuna kusunga khoma lalitali pa rimu yaikulu, nkugula 225/45 R18. Tayala limeneli ndi mamilimita 660, kuposa 225/45 R17 ndi 4 peresenti. Sipidomita imayamba kuonetsa liwiro lochepa kusiyana ndi lenileni, zomwe zingakudyereni ndalama pa kamera ya apolisi pa msewu wa Zomba. Galimoto imanyamuka mwaulesi chifukwa magiya onse atalika, ndipo tayala limakhula mkati mwa madigadi mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto kapena mukanyamula anthu anayi.

Chachiwiri ndi khoma lenilenilo. Mukapotoza chiwongolero, khoma limayamba lapindika kaye galimoto isanamvere. Likakhala lalifupi, kupindikako kumachepa ndipo mphuno ya galimoto imalowa m'kona msanga. Ubwino umenewu ndi weniweni. Koma khoma lalitali limachenjeza: tayala limalira ndi kuterereka pang'onopang'ono lisanasiye msewu. Lalifupi limagwira mwamphamvu kenako nkusiya mwadzidzidzi, makamaka pa kona ya zigamba ndi mabampu.

Chachitatu ndi kulemera. Rimu, tayala ndi buleki zili pansi pa sipuling'i, ndipo shoko ndi yomwe imazilamulira kuti zisamadumphedumphe. Kuwonjezera inchi imodzi pa marimu wamba kumabweretsa kilogalamu imodzi kapena kuposerapo pa tayala lililonse. Kulemera kumeneku kuli kutali ndi pakati pa tayala, choncho injini imavutika kukuzunguza ndipo mabuleki amavutika kukuimitsa. Mu 2010 magazini ya Car and Driver ya ku America inayesa Golf imodzi pa marimu a 15 mpaka 19. Pa 19 galimotoyo inkamwa mafuta ochuluka ndi pafupifupi 10 peresenti kusiyana ndi pa 15, inkachedwerapo ponyamuka, ndipo kugwira msewu pokhota kunali bwino kwambiri pa 18, osati pa 19. Anayesera pa phula losalala, osati ngati la ku Chirimba.

Chachinayi ndi kukwanira kwa rimu, ndipo pamenepa pali manambala atatu. PCD ndi chiwerengero cha mabauti ndi bwalo lomwe akhalapo: Altezza ndi Mark X ndi 5x114.3, Golf ya kuyambira Mk5 ndi 5x112, BMW 3 Series za E46 ndi E90 ndi 5x120, Toyota 86 ndi Impreza WRX zakale ndi 5x100. Rimu ya 5x112 imaoneka ngati yalowa pa 5x114.3, koma mabauti amakhala opendekeka ndipo pakapita nthawi amaduka. Bowo la pakati liyenera kukhala thina pa habu: mamilimita 60.1 pa Altezza ndi Mark X, 57.1 pa Golf, 56.1 pa Subaru ndi Toyota 86, 72.6 pa BMW. Marimu ambiri a m'mashopu amabwera ndi bowo lalikulu, ndiye pamafunika kampheteko ka hub ring, apo ayi chiwongolero chimanjenjemera ngakhale balancing achite kangati. Nambala yachitatu ndi offset, yolembedwa ET kuseri kwa rimu. ET ikatsika, tayala limatulukira kunja. Ngati simukusintha china pa sasipenshoni, musachoke pa ET ya ku fakitale ndi mamilimita oposa 5 mpaka 7.

Chomaliza ndi nambala ya katundu yomwe imatsatira saizi. 91 ndi makilogalamu 615 pa tayala limodzi, 92 ndi 630, 94 ndi 670. Matayala ambiri a 225/35 R19 ndi 88, kutanthauza makilogalamu 560. Ngati pepala la pa chitseko cha dalaivala likuti 91, tayala la 88 laperewera ngakhale likhale la kampani yotchuka.

Njira yoyamba: kusunga saizi ya ku fakitale nkugula matayala abwino

Mmene imayendera. Anthu ambiri amene amati galimoto yawo yasintha ataika marimu aakulu amakhala akumva ubwino wa tayala latsopano, osati wa rimu. Zomwe zimagwira msewu ndi mtundu wa labala ndi mano ake. Tayala labwino la 225/45 R17, monga Michelin Pilot Sport, Bridgestone Potenza, Continental kapena Goodyear Eagle F1, limaimitsa galimoto msanga pa msewu wonyowa kuposa tayala lotchipa la 19. Masipuling'i, mashoko ndi ABS anazitchera pa saizi imeneyi, ndiye zonse zimagwirizana.

Mtengo. Mukugula matayala anayi basi, kuphatikiza balancing ndi alignment. Ndalama zomwe zikanapita ku marimu zingathe kugula mashoko atsopano, omwe pa galimoto ya kaunjika yoti yayenda makilomita oposa 100,000 amasintha kayendedwe kuposa rimu iliyonse.

Kupezeka kwake. 205/55 R16 ndi imodzi mwa masaizi ofala kwambiri padziko lonse, ndipo m'mashopu a matayala mu Limbe ndi m'tauni sisowa. 215/45 R17 ndi 225/45 R17 amapezekanso, ngakhale mitundu yapamwamba nthawi zina imafuna kuitanitsa.

Kasamalidwe. Kuyeza mpweya milungu iwiri iliyonse, kusinthanitsa akutsogolo ndi akumbuyo pa makilomita 8,000 mpaka 10,000.

Zoopsa zake. Nzochepa. Choti musamale nacho ndi msinkhu wa tayala. Manambala anayi omaliza pa chizindikiro cha DOT, cholembedwa m'mbali mwa tayala, amanena sabata ndi chaka: 2319 ndi sabata ya 23 ya 2019. Galimoto zina zimafika kuchokera ku Japan zili pa matayala a chipale, olembedwa studless. Labala wake ndi wofewa, ndipo pa kutentha kwa mu October amaterera ndi kutha msanga ngakhale mano akuoneka ambiri.

Njira yachiwiri: kukwera ndi inchi imodzi

Mmene imayendera. Kuchoka pa 16 kupita pa 17 ndiko kusintha komwe kumapindulitsa kwambiri. Khoma limatsika ndi mamilimita 12 okha, pomwe tayala limakula m'lifupi ndi mamilimita 20. Chiwongolero chimamvera msanga, galimoto simayendanso ngati bwato posintha mbali pa Masauko Chipembere Highway, ndipo pa raundabauti ya Chichiri kapena Clock Tower mphuno simakankhira kunja ngati kale. Khoma la mamilimita 101 likadali ndi mphamvu yomeza mahampu ndi maenje ang'onoang'ono.

Kuchoka pa 17 kupita pa 18 nkosiyana. Phindu pokhota lilipo pa phula labwino, koma mamilimita 90 ndi malire a misewu yathu. Mabampu amayamba kumveka mumsana, ndipo pa kona yoti phula lake ndi lazigamba tayala limadumphadumpha. Tayala lomwe lili m'mwamba siligwira kanthu. Izi ndi zomwe zimachititsa kuti galimoto ina ya pa 18 imveke yolimba pa msewu wa Chileka koma yosakhazikika potsika phiri la ku Chikwawa.

Mtengo. Marimu anayi, matayala anayi, mavalavu atsopano, mwina hub ring ndi manati ena. Apa pali msampha: rimu yopepuka ndi yolimba, yopangidwa mwa flow forming kapena forged ngati za Enkei, Rays, BBS kapena OZ, ndi yodula. Yotchipa imakhala yolemera. Rimu ya 18 yapamwamba ingathe kupepuka kuposa ya 17 ya ku fakitale, ndipo ndi njira yokhayo yokwerera inchi popanda kutaya kanthu pa mashoko. Marimu a ku fakitale a galimoto ya mtundu womwewo, monga a 17 ochotsedwa pa Golf kapena BMW ina, ndiwo amakhala ndi mtengo woyenera ndipo ET ndi bowo lake zimakhala zolondola kale.

Kupezeka kwake. 225/40 R18 imapezeka mu Blantyre. Mukatuluka mumzinda, kulowera ku Mulanje kudzera pa Midima kapena ku Mwanza, musayembekezere kuipeza pafupi. Sipeya wanu akhale ndi mpweya.

Kasamalidwe. Tayala la khoma lalifupi silionetsa ndi maso kuti mpweya wachepa. Likhoza kutaya theka la bar (muyezo wa mpweya) koma likuoneka bwinobwino, ndipo ndi pamenepo dzenje limafika pa rimu. Gulani geji yanu, yezani m'mawa matayala asanatenthe, ndipo tsatirani manambala a pa chitseko. Pomanga, gwiritsani torque wrench, sipanala yoyeza mphamvu yomangira: 103 Nm pa Toyota zambiri, 120 Nm pa Golf ndi BMW E90. Bwererani kukamangitsanso mutayenda makilomita 50 mpaka 100. Tayala la khoma lalifupi ngati 225/40 lizichotsedwa ndi makina. Zitsulo zotong'olera za okonza matayala a m'mbali mwa msewu zimakanda rimu ndi kung'amba mlomo wa tayala.

Zoopsa zake. Manati olakwika ndi vuto lomwe ambiri salidziwa. Manati a ku fakitale a marimu a Toyota ali ndi mutu wafulati ndi wasala, mabauti a Volkswagen ali ndi mutu wobulungira, pomwe marimu ambiri a m'mashopu amafuna mutu wosongoka wa madigiri 60. Mukasakaniza, nati imangogwira pa kamzere kakang'ono nkumamasuka yokha. Mathiredi amasiyananso: Toyota ndi M12x1.5, Subaru ndi Nissan ndi M12x1.25.

Njira yachitatu: mainchi awiri kapena kuposa, kufika pa 19

Mmene imayendera. Pa msewu wosalala chiwongolero chimakhala chakuthwa kwambiri. Kupatula apo zambiri zimabwerera m'mbuyo. Galimoto imayamba kutsata mikwasa yomwe mathiraki asiya pa phula, monga m'malo ena a M1 pakati pa Lunzu ndi Zalewa, moti dalaivala amangokhalira kukonza chiwongolero. Kunyamuka kumachepa, mafuta amakwera, phokoso la msewu limalowa mkati. Mashoko omwe anapangidwira tayala lopepuka amalephera kulamulira lolemera.

Mtengo. Njira yodula kuposa zonse, pogula ndi pambuyo pake. Matayala onse ndi ochokera kunja, ndipo kuyambira pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, tayala limodzi la 19 lowonongeka ndi dzenje si nkhani yaing'ono. Werengerani tayala limodzi kapena awiri owonjezera pa dzinja lililonse ngati mumayenda tsiku ndi tsiku.

Kupezeka kwake. Saizi yeniyeni yomwe mukufuna, pa mtundu womwe muli nawo, kawirikawiri imafuna kuitanitsa ku Johannesburg. Pamene mukudikira, galimoto ili pa sipeya kapena pa tayala la kaunjika losagwirizana ndi anzake.

Kasamalidwe. Zonse za njira yachiwiri, mowirikiza. Rimu imapindika mlomo wa mkati, komwe sikuoneka mutaimirira. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera pakati pa 80 ndi 110 km/h ndi tayala lomwe limaphwa pang'onopang'ono popanda msomali. Mabering'i, mabushi, ma ball joint ndi ma tie rod end amatha msanga chifukwa nkhonya yomwe labala akanameza ikufika kwa iwo.

Zoopsa zake. Dzenje likapana khoma pakati pa rimu ndi phula, ulusi wa mkati umaduka ndipo pamatuluka chotupa. Tayala la chotupa silikonzeka, ndipo likhoza kuphulika pa liwiro, makamaka pa kutentha kwa ku chigwa cha Shire. Rimu yopindika pang'ono amaiwongola, koma yong'aluka nkuwotcherera, makamaka pa sipoko, ndi yosayenera kubwerera pa galimoto yothamanga. Marimu otengera maonekedwe a makampani otchuka ndiwo amang'aluka kwambiri. Chizindikiro cha JWL kapena VIA chimasonyeza muyezo wa ku Japan, koma opanga zachinyengo amachidindanso, ndiye yezani rimu pa sikelo ndi kuona kuseri kwake ngati pali saizi, ET ndi dzina la wopanga zoumbidwa m'chitsulo.

Njira yachinayi: kukulitsa m'lifupi, ma spacer (mbale zachitsulo zoika pakati pa habu ndi rimu kuti tayala litulukire kunja), kapena akumbuyo aakulu

Mmene imayendera. Apa zimatengera matayala omwe amakoka galimoto. Pa yokoka ndi akumbuyo, kuika akumbuyo otambalala kumathandiza potuluka m'kona, ndipo BMW nayo inagulitsa E90 ili ndi 225/40 R18 kutsogolo ndi 255/35 R18 kumbuyo, omwe kutalika kwake nkofanana pafupifupi. Kuipa kwake nkoti mphuno imakankhira kunja kwambiri polowa m'kona. Pa yokoka ndi akutsogolo ngati GTI, akumbuyo otambalala sathandiza chilichonse. Pa Subaru yokoka ndi matayala onse anayi musayerekeze: matayala onse anayi ayenera kufanana saizi, mtundu ndi kutha kwake, apo ayi difu ya pakati imagwira ntchito nthawi zonse, nkutentha ndi kuwonongeka.

Kutulutsira matayala kunja kumasintha malo omwe tayala limazungulirapo pokhota. Rimu ya ET35 pa Golf yomwe inabwera ndi ET51 yatuluka ndi mamilimita 16. Chiwongolero chimalemera, chimakoka mbali imodzi mukaponda mafuta mwamphamvu, ndipo tayala limodzi likagunda dzenje chimakutsomphokani m'manja.

Mtengo. Ma spacer ndi otchipa, nchifukwa chake amakopa. Abwino, okhala ndi mlomo wogwira habu, pamodzi ndi mabauti ataliatali, sakhala otchipa kwenikweni.

Kupezeka kwake. Ma spacer afulati a mabowo ambirimbiri ali ponseponse. A galimoto yanu yeniyeni ndi oitanitsa.

Kasamalidwe. Akutsogolo ndi akumbuyo akasiyana saizi simungawasinthanitse, ndiye akumbuyo amatha msanga.

Zoopsa zake. Nati iyenera kugwira mathiredi otalika ngati kunenepa kwa bauti, kutanthauza kuzungulira pafupifupi ka 8 pa M12x1.5. Spacer ya mamilimita 10 pa mabauti a ku fakitale imadya gawo lalikulu la kugwirako. Tayala lotambalala limayandamanso msanga pa madzi, ndipo mvula ya ku Blantyre ikagwa yamphamvu madzi amayenda pamwamba pa phula m'malo otsika. Mano akatsika pansi pa mamilimita 3, tayala la 245 kapena 255 limataya msewu pa liwiro lomwe la 205 likadagwirabe. Kukoka tayala laling'ono pa rimu yotambalala nakonso nkoopsa: 225/45 R17 imafuna rimu ya 7J mpaka 8.5J (mainchi 7 mpaka 8.5 m'lifupi), 225/40 R18 imafuna 7.5J mpaka 9J. Kunja kwa pamenepo mlomo wa rimu umakhala pamtunda ndipo tayala likhoza kuvuuka m'kona.

Iti ikuyenera ndani

Amene amakhala ku Machinjiri, Bangwe, Ndirande kapena Chilomoni, komwe galimoto imadutsa kaye msewu wa fumbi kapena wa maenje isanafike pa phula labwino, asunge saizi ya ku fakitale ndipo ndalama aziike pa matayala ndi mashoko. Khoma lisatsike pansi pa mamilimita 100. Chimodzimodzi amene amayenda kawirikawiri maulendo a ku Lilongwe, Mangochi kapena Nsanje usiku.

Amene galimoto yake inabwera pa 16 ndipo akufuna chiwongolero chakuthwa akwere pa 17, makamaka ndi marimu a ku fakitale a mtundu womwewo. Mwa njira zonse, iyi ndi yomwe ndingalimbikitse anthu ambiri mu Blantyre.

18 ndi ya amene amayenda pakati pa Namiwawa, Sunnyside, Ginnery Corner ndi m'tauni, ali ndi ndalama zogulira rimu yopepuka ndi tayala lolembedwa XL (lolimbitsidwa kuti linyamule katundu wambiri) la nambala ya katundu 92, ndipo amayeza mpweya osaiwala. Mark X ndi nkhani ina pang'ono: matayala ake ndi aatali, moti 235/45 R18 ili ndi khoma la mamilimita 106 ndipo imalowa m'malo mwa 215/60 R16 popanda vuto la kutalika.

19 ndi ya galimoto yachiwiri, yotuluka Loweruka ndi Lamlungu m'chilimwe, ndipo marimu akale asagulitsidwe chifukwa adzafunika kuyambira November mpaka April. Akumbuyo otambalala asiyireni BMW ndi zinzake zokoka ndi kumbuyo, pa masaizi omwe fakitale inalemba.

Ngati galimoto inafika kale ili pa 19 ndipo marimu akupindika dzinja lililonse, kutsika nkotheka bola rimu yaing'onoyo idutse pa buleki. WRX STI ya mabuleki a Brembo simalola kutsika pansi pa 17. Musanalipire, yesani rimu imodzi kutsogolo, muizunguze ndi dzanja galimoto ili pa jeke, muone ngati pali mpata wa mamilimita 3 kapena kuposa pakati pa kalipa ndi sipoko, kenako mukhotetse chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri.